Theka la Kapu

Pulambala wina anali ndi khalidwe limodzi limene mkazi wake ankaliseka pakamwa koma mumtima akulikonda: sankatha kuona chakudya chikutsala m'mbale ya mnzake. Zinayamba ali pa chibwenzi. Mkazi akaluma buledi kawiri n'kumusiya, iye ankamutola. Tiyi akazizira m'kapu, iye ankamugugudiza ali chiimire, chikwama cha masipanala chili kale paphewa. Mkaziyo, amene anali telala wa madiresi, anam'patsa dzina loti Dzala, ndipo dzinalo linamera mizu mpaka alamu ake anayamba kumuitana choncho osadziwa n'komwe kumene linachokera. Mwini wake sankadandaula. Ankati pakhomo popanda maluwa anthu amakhalapo, koma popanda dzala ayi.

Mwana wawo woyamba anabadwa atamwalira kale. Izi zinenedwe msanga, chifukwa m'nyumba mwawo munalibe chinthu chimene chinkachitika popanda kukhudza nkhani imeneyi. Anali mwana wamwamuna, wamkulu thupi moti azamba anachita kuitanizana kuti adzamuone, wa masaya ngati wa miyezi iwiri, tsitsi lili bii. Chilichonse chinalipo kupatula kulira. Palibe anawauza chifukwa chake, ndipo pamene pasowa yankho abale sasowa zonena. Ena ankati telala ankapalasa makina mopitirira muyeso, ena ankati ankanyamula ndowa zolemera. Iye anangomva zonsezo n'kuzisunga. Timalaya tonse timene anasoka anatipereka kwa anthu, ndipo mimba yachiwiri itabwera, patapita zaka, analumbira kuti sadzadula nsalu ya mwana mpaka munthu wodziwa atamuuza kuti zonse zili bwino.

Mimbayo itafika miyezi isanu ndi umodzi, telala anabwera kuchokera kusikelo ndi uthenga.

"Akuti ndipitenso m'mawa wina ndisanadye kanthu. Akanditenga magazi, aone ngati ndili ndi shuga wa amayi oyembekezera. Pali madzi otsekemera amene ndikamwe, kenako ndikhale pansi maola awiri."

"Shuga inuyo? Munthu wothira kasupuni kamodzi mu tiyi?"

"Akuti ameneyu sayendera masupuni. Akukayikira chifukwa cha kukula kwa mwana uja."

Mawu akuti mwana uja anawanena akuyang'ana pawindo, ndipo Dzala sanafunsenso. Nkhaniyo anailumikiza yekha m'mutu mwake n'kuona kuti yakwana bwinobwino: munthu wasala kudya, amutenga magazi, ndiye amam'patsa madzi a shuga kuti asakomoke. Chovuta n'chiyani pamenepo? Safunsa anadya phula, ndipo phula la Dzala linali kumudikira m'kapu ya pulasitiki.

Chipinda chodikirira chinali chachitali, cha mabenchi awiri oyang'anizana ndi fani ya kudenga imene inkazungulira mwaulesi ngati sinalipidwe. Pakona panali sinki ya mpope wodontha, ndipo Dzala atangolowa khutu lake linathamangira pomwepo n'kudziwa kuti kamphira ka mkati katha. Pa mabenchi panali amayi angapo, onse a njala, onse a nkhope za anthu amene afika pamaliro osawadziwa. Mwamuna analipo ndi iye yekha, ndipo anakhala mopinda miyendo kuti asatenge malo ambiri.

Nesi wamtali wa magalasi anatenga magazi pamkono wa telala, n'kumubweretsera kapu yodzaza mpaka pakamwa.

"Yonse, mayi, osasiya ngakhale dontho, ndipo musachedwe nayo. Mukasanza ndiye kuti tidzayambiranso tsiku lina."

Telala anamwa molimba mtima mpaka pakati. Kenako nkhope inasintha, maso anadzaza misozi, dzanja linapita pakamwa. Nthawi yomweyo m'khonde munamveka mfuu yoti mayi wina nsupa yasweka ali pamzere, ndipo nesi anathamanga, amayi onse makosi ali kukhomo.

"Sinditha," telala ananong'ona. "Akubwerera. Ndikangomezanso kamodzi atuluka onse."

Dzala sanaganize. Dzanja linapita lokha kumene lakhala likupita zaka zonsezi, kapu inakwera, kapu inatsika. Anali asanalawepo chinthu chozuna chotero chibadwire. Mano anachita kulira, lilime linamatirira kumwamba, ndipo anamva ngati wameza thumba lonse la m'golosale. Kapu yopanda kanthu anaibwezera m'manja mwa mkazi wake nesi asanatulukire.

"Mwachita bwino, mayi," anatero nesi. "Ena amachita kulira nayo."

Telala anatsina mwamuna wake pantchafu, ndipo onse awiri anayang'ana pansi akubisa kuseka ngati ana a sukulu. Amati chifundo chinapha nkhwali, komatu apa nkhwali inali itakhala pabenchi ikunyambita milomo, ndipo amene chifundocho chikanamupha anali wina, wosatha kudzilankhulira.

Anakhala pansi maola awiri aja. Mayi wina atafuna kuwongola miyendo m'khonde, nesi anamubweza ndi chala chokha. Magazi anawatenganso pakati pa nthawiyo, n'kuwatenganso pomaliza, ndipo masana mzamba wamkulu, mayi wamfupi wa mawu otha kudzutsa wodi yonse, anawaitana n'kunena kuti shuga ali pamalo pake, palibe chodetsa nkhawa.

Zimene zinachitika kwa telala panjira yobwerera, Dzala anali asanazione kuyambira tsiku la ukwati. Ankapereka moni kwa anthu osawadziwa. Anamukokera m'sitolo ya nsalu n'kusankha yofewa yachikasu ya tiabakha, ndipo atafika kunyumba anaiyala patebulo asanavule n'komwe nsapato. Sizasi inalira, makina anayamba kugunda, ndipo pamwamba pa phokosolo pankamveka nyimbo. Dzala anaima pakhomo la chipinda akumvetsera, mtima uli mbee, akudzitamandira kuti ndi mwamuna wodziwa kusamala mkazi.

Sabata yomweyo ankagwira ntchito pa nyumba yatsopano yosanjikizana. Mapaipi onse anali atawayala m'ngalande zogoba m'makoma, ndipo opaka pulasitala anali atakanya kale matope awo, akumudikira ndi maso a anthu ofuna kuweruka msanga. Kapitawo wa pamalopo, bambo wa chipewa choyera ndi foni yosapuma, anakwera masitepe akupuma mwawefuwefu.

"Akulu, tsegulani madzi tione ngati pakudontha, anthuwa atseke khoma. Zopopapopa zanuzo zitidyera tsiku."

"Madzi a pampopi sanena zoona, bwana," anayankha Dzala akumanga pampu yake yamanja kumapeto kwa paipi. "Paipi ikakhala pa mtendere, ngakhale yong'aluka imaoneka yaulemu. Muipanikize kuposa mmene idzapanikizikire moyo wake wonse, ndiye muimve zimene inene."

"Popani pang'ono basi, theka likwana."

"Theka ndi bodza, bwana. Bola osayesa n'komwe, chifukwa osayesa amagona akukayika, pamene woyesa theka amagona tulo tofa nato nyumba ikuwola."

Mawuwa ankawakonda kwambiri, ndipo anali atawanena pa nyumba zambiri. Anayang'ana geji yoyezera mphamvu ya madzi asanayambe, anapopa mpaka muvi unakwera kufika pamene amafuna, anatseka, n'kukhala pa ndowa yovundikira. Pa ntchito imeneyi palibe china chochita koma kukhala. Sugwira mpope uliwonse, sulola munthu kutsegula paliponse, umangoyang'ana muvi, n'kudzauyang'ananso pakapita nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ali chikhalire choncho, msana unamukumbutsa benchi lija. Anaseka yekha poganiza kuti sabata ino wakhala pansi kawiri osaloledwa kusuntha. Kenako kusekako kunauma pakamwa. N'chifukwa chiyani nesi anabweza mayi uja kuti asayende? N'chifukwa chiyani anatenga magazi poyamba, pakati, ndi pomaliza, ngati munthu wowerenga geji? Ndipo madzi ongoletsa kukomoka angakhale ndi lamulo loti osasiya ngakhale dontho?

 Kapu ija sinali ya chifundo ayi, inali pampu. Anthu aja anapeza njira yopanikizira thupi la munthu wamoyo, mwadala ndi mwa muyeso, kuti liulule chimene limabisa likakhala pa mtendere, ndipo muvi wake ankauwerenga m'kadontho ka magazi. Kwa kanthawi mantha anayamba adikira, chifukwa chimene chinam'gwira poyamba chinali kuzizwa. Ndani anakhala pansi n'kuganiza zimenezi? Ndiye kuti mkati mwa mkazi wake, amene iye ankati amamudziwa kuposa chikhatho chake, munali ntchito yaikulu yosamveka phokoso, ya zotsegula ndi zotseka zake, imene inkayenda usana ndi usiku popanda mmisiri woiyang'anira. Ndipo pa tsiku limodzi lokha limene anthu anafuna kuimvetsera, iye anafika n'kuchotsa theka la mphamvu ndi kukamwa kwake.

Muvi wa geji unali utatsika pang'ono. Anayenda akusisita mapaipi ndi chala mpaka kuseri kwa bafa, kumene anapeza polumikizira pena patatuluka kamkanda kamodzi ka madzi, kochepa ngati thukuta la pamphuno. Kapitawo anakayang'ana n'kuuza opaka pulasitala kuti adikire. Tsiku lina Dzala akanamuseka mpaka madzulo, koma tsiku limenelo anangokonza, kupopanso, kudikiranso, n'kupempha kuti aweruke dzuwa likadali pamutu.

Shopu ya telala inali kachipinda koyang'ana msewu, kodzaza madiresi olendewera ndi fungo la simbi yotentha. Anam'peza akusoka kamkono ka malaya achikasu, kochepa moti chala chake chachikulu sichikanalowamo.

"A Dzala masana ano? Akuchotsani ntchito?"

Anakhala pa mpando wa makasitomala n'kufotokoza zonse, mawu akupunthwa. Makina anapitiriza kugunda kwa kanthawi, kenako anaima.

"Azamba ananena ndi pakamwa pawo kuti ndili bwino."

"Ananena za theka la kapu, mayi. Theka linalo lili mwa ine."

"Magazi anali anga. Anawatenga katatu konse. Mkodzo amauyeza mwezi ndi mwezi. Zonsezo n'zabodza chifukwa cha makamwa awiri a madzi?"

"Khoma likapakidwa pulasitala..."

"Ine si khoma!" Mawuwo anatuluka mwamphamvu moti munthu wodutsa mumsewu anacheuka. Kenako anatsitsa mawu. "Mukudziwa kuti sabata ino ndiyo yoyamba imene ndagona osagwira pamimba kudikira kuti agunde? Mukudziwa kuti ndayamba kuganiza za dzina? Mwandipatsa ndi dzanja ili, mukundilanda ndi linalo."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukanangokhala chete."

"Ndikanakhala chete, inde. Ndipo tsiku lobereka ndikanakhala panja pa wodi ndikudziwa chinthu chimene azamba sakuchidziwa."

Telala anayang'ana kamalaya kaja nthawi yaitali, anadula ulusi ndi mano, anakapinda bwinobwino pamodzi ndi nsalu yotsala, n'kukaika pansi penipeni pa dilowa, kunsi kwa nsalu za makasitomala. Dzala anamva chisoni chimene sanachimvepo ngakhale pamaliro, chifukwa pamaliro paja wolakwa sankadziwika.

"Mukanene nokha," anatero telala. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Manyazi amenewo ine sindisenza nawo."

M'mawa mwake Dzala anaima pamaso pa mzamba wamkulu chipewa chili m'manja, mkazi wake atakhala pambali akuyang'ana khoma. Atamaliza kufotokoza, mzamba anavula magalasi, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenako anaphulika kuseka mpaka anagwira tebulo.

"Anesi! Tabwerani mudzaone bambo woyembekezera! Nanga inuyo bambo, mimba yanuyo ndi ya miyezi ingati?"

Nesi wa magalasi atamva nkhaniyo sanaseke. Anagwira pakamwa, ndipo mzamba nayenso kuseka kunamuthera.

"Pa benchi limenelo ndaonapo zambiri," anatero mzamba. "Ena amakatayira m'sinki, ena amazemba kukakwera masitepe kuti shuga atsike, akuti akhoze mayeso, ngati kuti tikupereka satifiketi. Koma wobwera yekha kudzadziulula ndinu woyamba. Khalani pansi, bambo, ndikuuzeni chimene munamwa."

Anatenga pepala n'kujambula chinthu chozungulira ngati mbale.

"Iyi ndi nsengwa, ija imatuluka pambuyo pa mwana, anthu n'kuiyang'ana ngati nyansi. Imeneyi ndiye kapitawo wa mimba. Mwana sadya ndi pakamwa, amadya shuga wa m'magazi a mayi ake. Ndiye mimba ikamakula, nsengwa imatumiza uthenga m'thupi lonse la mayi kuti, inu minofu, inu mafuta, chepetsani kudya, siyani shuga ayende m'magazi, kuli mlendo. Ndipo thupi limamvera."

"Limamvera kanthu kosaoneka n'komwe?" anafunsa Dzala.

"Limamvera, bambo. Mayi aliyense woyembekezera thupi lake limadzimana dala, mwini wake osadziwa. Ambiri limadziwa polekezera. Koma ena shuga amachuluka kuposa mmene thupi lingabwezere, ndipo mayi samva kalikonse, mutu osawawa, chizungulire ayi. Mkodzo umaulula mochedwa, zinthu zitasefukira kale. Kubaya chala kamodzi kumangotiuza za mphindi imeneyo. N'chifukwa chake timamwetsa kapu. Kwina amayamba ndi kakapu kakang'ono munthu atadya, akakayikira ndiye amabweretsa yaikuluyi. Kwina amamwetsa mayi aliyense. Ife timayamba ndi amene mbiri yawo yatikayikitsa, ngati akazi anuwa. Koma kulikonseko lamulo ndi limodzi: kapu ndi ya munthu mmodzi."

Dzala anayang'ana mimba ya mkazi wake ngati akuiona koyamba. Zaka zonsezi ankaganiza kuti mimba ndi kunyamula, monga munthu amanyamulira katundu. Sankadziwa kuti ndi kukambirana, kuti anthu awiri amene sanaonanepo nkhope amagawana chakudya tsiku lililonse mwa malamulo amene palibe anawaphunzitsa. Anangopukusa mutu.

Anawapatsa tsiku lina sabata yotsatira. Ulendo uno nesi anamukhazika Dzala pa benchi la kutsidya, pakati pa amayi awiri amene anali atamva kale mbiri yake ndipo ankabisa makapu awo mwachipongwe akamamuyang'ana. Nesi anaima pamaso pa telala manja ali m'chiuno, ndipo ngakhale denga likanagwa sakanacheuka.

Telala anamwa. Pakati pa kapu nkhope inasinthanso, misozi inatsika, khosi linkakana poyera. Anatseka maso, anapumira m'mphuno, n'kumeza. Anapumanso, n'kumezanso. Dzala anapeza kuti nayenso akumeza malovu pamodzi naye, zala zitakanirira m'mphepete mwa benchi. Anali ataonapo amuna akunyamula mathanki pamasitepe, koma sanaonepo munthu akugwira ntchito yolemera ngati imene mkazi wake ankagwira atakhala pansi. Kapu itatha, telala anaitembenuza mozondoka pamaso pa nesi, osayang'ana mwamuna wake.

Patapita kanthawi nesi analola Dzala kukakhala pafupi ndi mkazi wake.  Kenako telala anati, "Taonani," ndipo Dzala anaona diresi likugwedezeka lokha. Kanthu kanatukuka pansi pa nthiti, kanayenda chopingasa, kanazimirira, n'kutulukiranso mbali ina.

"Amufika madzi aja," anatero mayi wa pambali. "Wanganso akuvina muno."

Dzala anaika dzanja pamenepo ndipo kachidendene kanam'menya pachikhatho. Madzi amene anawaona ndi maso ake ali m'kapu anali atadutsa kale m'njira zonse zamdima zija n'kukafika kwa munthu amene iye anali asanamuonepo, ndipo munthuyo ankayankha. Anachita mantha ngati munthu amene walowa m'nyumba yopemphereramo ndi nsapato zamatope.

Masana mzamba anawaitana. Ulendo uno sanaseke.

"Magazi oyamba ali bwino, ngati tsiku lija. Achiwiri ndi achitatu akwera, ndipo akwera ndithu. Shuga alipo, mayi. Tam'peza."

 Dzala anadikira kulira, koma telala anakhala mowongoka, manja ali pamaondo.

"Ndiye kuti mwana wanga woyamba uja..."

"Sindinganene motsimikiza, chifukwa nthawi imeneyo palibe anayeza. Koma mwana wamkulu chotero, wopita mwakachetechete kumapeto kwa mimba, nthawi zambiri timakayikira shuga. Chimene ndinganene mosaopa n'chakuti makina osokera sapha mwana."

Telala anatulutsa mpweya wautali, wonjenjemera, umene unamveka ngati wakhala m'chifuwa zaka zonse zija.

"Ameneyu ndiye tam'peza nthawi ikadalipo," anapitiriza mzamba. "Tikonza kadyedwe, muzidya pang'onopang'ono koma kawirikawiri, muziyenda mukatha kudya, muzidzibaya chala kunyumba. Zikakana pali mankhwala. Tizikuonani pafupipafupi, ndipo ambiri shuga ameneyu amatha akangobereka. Amayi ambiri atuluka pakhomo ili ndi ana olira mosokosa."

"Nanga panopa iyeyu akumva bwanji? Zikumuwawa?" anafunsa telala.

"Sizimuwawa. Koma akugwira ntchito." Mzamba anakweza chala chake chaching'ono n'kugwira kansonga kake. "Muli kachiwalo m'mimba mwa munthu kotchedwa kapamba, kamene kamatulutsa mankhwala otsitsa shuga. Shuga wanu amawoloka nsengwa kupita kwa mwana, koma mankhwala a kapamba kanu sawoloka. Ndiye mwana akaona shuga wachuluka, amadzutsa kapamba kake, kochepa chonchi, n'kuyamba kutsitsa yekha. Mukadya, iye ali pa ntchito. Wotsalayo amamusunga ngati mafuta, n'chifukwa chake amanenepa. Anthu amati mwana wadya bwino, pamene mwana watopa."

Dzala anayang'ana nsonga ya chala cha mzamba. Munthu wosabadwa, wopanda dzina, amene maso ake anali asanaone kuwala, anali kale ndi ntchito, ndipo ankaigwira mokhulupirika popanda womutuma kapena womuthokoza. Anamva misozi ikubwera ndipo sanailetse.

"Ndimumve," anatero telala.

Anagona pa bedi lopimira, mzamba anapaka mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsa kamakina kake. Poyamba kunamveka mkokomo ngati mphepo, kenako kugunda kunadzaza chipinda chonse, kofulumira, kosaphonya, ngati munthu amene akuthamanga ndi uthenga. Telala anamvetsera maso ali kudenga. Pa mimba yonseyi Dzala anali asanamumvepo akulankhula ndi mwanayo, chifukwa ankaopa kuzolowerana ndi munthu amene angadzachoke osatsanzika. Tsopano anaika manja onse awiri m'mbali mwa mimba, n'kulankhula ndi mawu wamba, amene amalankhulira ndi munthu amene wam'peza akusesa pakhomo pake.

"Pepa, mwanawe. Sindimadziwa kuti umandigwirira ntchito. Ndamva tsopano. Siya, pumula, ndigwira ndekha."

Mzamba sanachotse kamakinako msanga, ngakhale panja panali mzere wautali.